Kanyama Komwe Kanakwera Ndege

"Tsitsani sutikesiyo patebulo, azakhali. Palibe amene akukwera ndege m'nyumba muno."

Azakhali sanacheuke n'komwe. Anapitiriza kupinda malaya a mchimwene wawo, akuwasalaza ndi chikhatho.

"Mlamu, mwamumva mwana wanu? Pakamwa ngati pa kadzidzi. Poti iye koleji inamukana, akufuna aliyense akanidwe."

"Koleji sinandikane. Ndinaisiya ndekha kuti ndidzadwazike bambo."

"Ndiye dwazika. Usamalodze."

Amayi ake anali pakona akusita jekete yakuda, ija bambo ankavala paukwati ndi pamaliro pokha. Anangolimbikitsa simbi pakolala.

Mnyamatayo, amene aliyense ankamutchula kuti Injiniya kuyambira tsiku limene anasankhidwa kupita kukoleji, anagwada pafupi ndi mpando wa pawindo. Bambo ake anakhala pamenepo atafunda bulangeti, chitini cholavuliramo chili pamwendo. Munthu amene ankanyamula thanki ya madzi paphewa, tsopano wotchi inkatsetsereka mpaka pachigongono. Khansa ya kummero inali itatseka njira. Mkaka unkalowa ukafuna, ukapanda kufuna unkabwerera.

"Ababa, anamwino aimba foni. Kwabwera timapaipi tija toika pammero kuti munthu azitha kumeza. Tabwera tochepa kwambiri. Akusungirani kamodzi, koma akuti sangakasunge kupitirira sabata ino."

Bambo analavula m'chitini, napukuta pakamwa mosafulumira.

"Injiniya, wayenda nane m'nyumba za anthu kuyambira usanadziwe kupenga mamina. Ndikapeza paipi yaphulika, ndimatani?"

"Mumatseka madzi."

"Kenako?"

"Mumadulako kachidutswa."

"N'kupita nako kuti?"

"Kusitolo, kukayerekeza ndi yatsopano."

"Unayamba wandiona nditadula paipi ya munthu, n'kusowa nako kachidutswako?"

"Ayi, koma..."

"Basitu. Wotenga chitsanzo amabweranso. Mayi wakunja uja analowetsa kachingwe pammero panga, anadulako kanyama, anakaika m'kabotolo, kabotolo m'bokosi lozizira, bokosi m'ndege. Iweyo ukuganiza kuti munthu angalipirire kanyama ndege n'kumuiwala mwini wake?"

"Ine ndi amene ndimamasulira tsiku lija, ababa. Ananena momveka. Anati kanyamako n'ka kafukufuku, akufuna adziwe chifukwa chimene matendawa achulukira kuno. Anati inuyo sikakuthandizani, kadzathandiza obwera m'mbuyo."

Bambo anaseka, kuseka kouma kumene kunathera m'chifuwa.

"Nanenso ndimatero. 'Sindikulonjeza, bwana, tikaona kusitolo.' Mmisiri weniweni salonjeza. Amene amalonjeza ndi akuba."

"Eyatu!" anatero azakhali, akuomba m'manja kamodzi. "Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Mlendo ndi mame, azakhali. Dzuwa likatuluka mumusowa."

"Tamveranitu mwano! Achimwene, munalipira fizi kuti azidzatiponyera miyambi?"

Bambo anakweza dzanja, mkangano n'kutha.

"Funso lina, Injiniya. Ndikabwera ndi paipi yatsopano n'kupeza mwini nyumba waitana wina, wamangapo mphira, ndimatani?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi.

"Mumanyamula zida zanu n'kubwerera."

"Ntchito ya mnzako suilowerera. Kapaipi ka anamwino akoko ndi mphira, adokotala ananena okha kuti sikachiza. Ndikakaika, mayi uja adzafika n'kunena kuti apa pagwira kale wina. Mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndidikira paipi yeniyeni."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ababa."

"Ndinasiya fodya usanabadwe. Mayi ake, jeketeyo isapse."

Masiku otsatira nyumba inadzaza alendo. Mbiri inali itafala mumsewu wonse kuti Apulambala akupita kunja kukachira. Wometa wa pakona anabwera ndi makina ake, nawameta ulere, akuti azungu asadzaone ngati kuno kulibe amisiri. Mayi wogulitsa makala anapempha kuti adzamubweretsere ambulera yosathyoka. Mnzawo wowotcherera zitsulo anakhala nawo masana onse akuwaphunzitsa kumanga lamba wa m'ndege, chikhalirecho iye ndege ankangoionera kumwamba.

Bambo ankamwetulira, akulandira maoda onse.

"Musadandaule, kanyama kanga kanatsogola. Kakundikonzera malo."

Anthu ankaseka. Injiniya ankatuluka kupita kuseri kwa nyumba, kumene ankasefa msuzi pansalu yoyera kuti pasatsale ngakhale kanyenyeswa. Ankabwera nawo m'kapu, bambo n'kumwa pang'ono pamaso pa alendo. Alendo akangotuluka, msuzi wonse unkathera m'chitini.

Tsiku lina anawapeza amayi ake akutsuka chitinicho pampope. Mpopewo unkadontha. Nyumba ya pulambala, koma kuyambira pamene mwini anadwala panalibe woukhudza.

"Amayi, inunso mukukhulupirira za ndegezi?"

Amayi anapitiriza kutsuka.

"Ndakufunsani, amayi."

"Ndamva. Sindine wogontha, ndipo sindine mwana. Ndinaiona nkhope ya mayi uja tsiku lija. Munthu amene adzabwerenso satsanzika choncho, kugwira dzanja ndi manja awiri."

"Nanga mukusitiranji jekete?"

Anaika chitini pansi, namuyang'ana. Maso awo anali ofiira ngati a munthu wophika ndi nkhuni zaziwisi.

"Ukufuna ndiwalande chiyani? Chakudya anasiya. Ntchito anasiya. Dzulo alephera kutsegula botolo la mafuta odzola, munthu amene ankamasula mapaipi adzimbiri ndi manja. Atsala ndi sutikesi. Ndikawalanda imeneyo ndiwapatsa chiyani?"

"Madzi, amayi. Kapu ya madzi yoti amwe itsike."

Amayi anatseka mpope mwamphamvu. Unadonthabe.

"Ndiye kawauze iweyo. Ine zaka zonsezi sindinawagonjetsepo pa nkhani ya mapaipi."

M'mawa mwake Injiniya anapita kuchipatala. Anadutsa khonde lalitali lija, la mabenchi odzaza anthu owonda onyamula zitini, mabotolo odulidwa pakati ndi timabeseni. Aliyense ndi cholavuliramo chake. Anawapeza anamwino akukankha kangolo ka mankhwala.

"Bambo ako ali kuti?"

"Akukana. Akuti akudikira mayi wa kafukufuku uja."

Anamwino anaima, natseka maso kwa kanthawi.

"Siwoyamba. Wina anagulitsa njinga kuti agule nsapato za paulendo. Timawauza, mayi ujanso amawauza, koma munthu womira amagwira ngakhale thovu."

"Tasunganiko masiku ena owerengeka."

"Tayang'ana pabenchipo. Uwauze ndiwe kuti adikire."

Injiniya sanayang'ane. Anali atawaona kale.

"Ndiye ndithandizeni chinthu chimodzi. Ndikufuna mayi uja awauze yekha, maso ndi maso, pafoni."

"Ndiyesa. Koma anthu aja amakhala pamisonkhano, lero dziko ili, mawa lina. Kapaipiko ndikabisa mpaka pomwe ndingathe. Kupitirira apo usadzandide."

Sabata inatha, yankho osabwera. Ina inayamba. Bambo anasiya ngakhale kuyerekeza kumwa pamaso pa alendo. Ankangonyowetsa milomo ndi kansalu. Azakhali anasamutsa sutikesi kuichotsa patebulo n'kuiika pafupi ndi chitseko, akuti galimoto ikadzabwera pasadzakhale kuchedwa.

Foni inalira masana ena dzuwa lili paliwombo. Injiniya anaiimika pa chitini cha shuga, nkhope ya mayi wa kafukufuku n'kuonekera. Anali atavala chovala choyera, kumbuyo kwake kuli chipinda chowala ngati mkati mwa dzira.

"Ameneyu asamasulire," anatero azakhali. "Apotoza. Tiitane aphunzitsi a kuseriku."

"Musiyeni, achemwali. Iye azimasulira mawu, ine ndiziyang'ana nkhope. Makasitomala andiphunzitsa kuwerenga nkhope."

Bambo anavala jekete ija pamwamba pa malaya ogonera. Inawalendewera ngati yobwereka. Anawongola msana.

"Ufunse kuti abwera liti ndi paipi yanga."

Injiniya anafunsa. Mayiyo anachotsa magalasi, nawapukuta ndi chovala chake, ngakhale sanali akuda. Atayamba kuyankhula, bambo anagwira mkono wa mwana wawo.

"Usavutike. Ndamva."

Kunja mpope unkadontha m'chidebe.

"Akuti pepani kwambiri," anatero Injiniya motsitsa. "Akuti ntchito yawo ndi yofufuza basi, alibe njira yotengera odwala. Akuti anapempha kwa akuluakulu awo kuti mwina azitumizako timapaipi, koma sanayankhidwe."

"Ufunse ngati kwawoko matendawa aliko."

Mayiyo anayankha nthawi yaitali, akuyang'ana pansi.

"Akuti aliko, ndipo kumenekonso amapha. Koma ambiri amawapeza msanga, poti munthu akangomva kuti chakudya chikukakamira amakamuunika sabata yomweyo. Akuti..." Injiniya anayang'ana bambo ake. "Akuti bambo awo omwe anadwala matenda omwewa. Anawapeza kachotupa kadakali kakang'ono. Anawachita opaleshoni, anawawotcha ndi makina. Ali moyo."

"Amameza?"

"Akuti amameza."

"Lero adya chiyani?"

Mayiyo anadabwa ndi funsolo. Kenako anayankha, misozi ili m'maso.

"Akuti buledi wokazinga ndi dzira."

"Wokazinga," anatero bambo, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Wouma uja, wokanda pakhosi. Mdala ameneyo ali ndi mwayi. Umuuze kuti akawapatse moni, mnzawo wa matenda amodzi." Anapuma. "Tsono kanyama kanga kali kuti? Ndikufuna ndikaone."

Mayiyo ananyamula foni yake, nayenda nayo. Anaonetsa chipinda china chodzaza mafiriji aatali, oyera, oima pamzere. Anagwira chitseko cha imodzi.

"Akuti kali umu. Sangatsegule nthawi yaitali, kangafunde."

"Magetsi akazima?"

"Akuti sazima. Akati azime, pali injini yodzilizira yokha. Firiji ikangoyamba kufunda, belu limalira, munthu amathamanga kudzaona."

"Kali ndi mlonda!" Bambo anaseka mpaka kutsokomola, amayi n'kuthamangira ndi chitini. Atapeza mpweya anapukuta misozi. "Mwamva, achemwali? Kanyama kosakwana njere ya mpunga kali ndi nyumba, magetsi ndi mlonda. Kakafunda pang'ono, anthu amathamanga. Bwenzi atandidula yense n'kundiika m'timabotolo."

Palibe anaseka. Azakhali anali atakhala pansi, atatsamira khoma.

"Ndimasulire zimenezo?" anafunsa Injiniya. Ankafunitsitsa kumasulira, liwu ndi liwu.

"Ayi. Mwana wa eni ake akulira kale. Sanandinamize iyeyu, ndinadzinamiza ndekha. Umuuze kuti akasamale kanyamako, akaphunzire bwino. Mwina iwe sudzanyamula chitini."

Foni itazima, bambo anavula jekete, naipereka kwa amayi.

"Achemwali, tsegulani sutikesi, malaya angachite makwinya. Injiniya, kapeze galimoto. Tiye tikamange mphira."

Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Injiniya anawakhazika bambo pabenchi, nathamangira kuchipinda cha anamwino. Atangomuona pakhomo, anamwino anaika pansi zimene ananyamula.

"Ndinakuimbira dzulo, foni yako sinkapezeka."

"Kunalibe magetsi, inazima. Koma abwera. Avomera. Ali pabenchi."

"Mwanawe, kapita. Dzulo anabwera naye munthu atamunyamula pachitseko, lilime litauma ngati chikopa. Adokotala anandifunsa ngati katsalako. Ndikanati chiyani? Ndinakabisa sabata yonse ndi masiku ena pamwamba."

"Tina tibwera liti?"

"Akatikumbukira otitumizira."

"Liti?"

"Sindikudziwa."

Injiniya anamenya chitseko ndi chikhatho, anthu a pakhonde n'kutembenuka.

"Kapaipi! Kapaipi kotalika ngati chala! Kwina firiji ikafunda belu limalira, kuno munthu akuuma ndi ludzu, belu lake lili kuti? Tinalakwa chiyani ife? Kubadwira kuno?"

Anamwino sanabwerere m'mbuyo.

"Kufuula kukanakhala kuti kumabweretsa timapaipi, ine ndikanasasa mawu kalekale. Lira, ukatha upukute kumaso. Bambo ako asakuone choncho. Ndiwaika madzi a m'mitsempha, ndiwapatsanso mankhwala opha ululu. Zimenezo ndili nazo lero."

Injiniya anaima kuseri kwa chitseko mpaka kupuma kwake kutabwerera m'malo. Kenako anatuluka, akusanja mawu oti akanene.

Anawapeza bambo atasendera kumapeto kwa benchi. Pambali pawo panakhala bambo wina wowonda kuposa iwo, wovala malaya a chipatala, mkazi wake atamugwirira kapu ya pulasitiki. Munthuyo ankaiyang'ana kapuyo ngati ng'ona ili m'katimo.

"Ababa..."

"Ndadziwa. Nkhope yako ndinayamba kuiwerenga uli m'matewera. Khala apa." Analoza munthu uja ndi chibwano. "Kapaipi kathu kali mwa achimwenewa. Akuti ndi oyendetsa ngolo. Awaika dzulo, koma akuopa kumwa."

Mkazi uja anagwira pakamwa.

"Kanali kanu? Pepani, bambo, ife sitimadziwa..."

"Kanali ka amene wafika. Ine ndimadikira ndege." Anatembenukira kwa mwamunayo. "Achimwene, ntchito ikatha timatsegula madzi kuti tione ngati ikudontha. Imwani."

"Ndikuopa, abwerera," ananong'ona munthuyo. "Miyezi yonseyi amabwerera."

"Pang'ono pokha. Khalani mowongoka. Eya, choncho. Musathamange, paipi yatsopano sitiitsegulira mwamphamvu."

Munthuyo anaika kapu pamilomo. Injiniya sanafune kuyang'ana, koma maso anakana kuchoka. Anaona kholingo likukwera, likutsika. Onse anadikira. Mkazi uja anali atatchera kale kabeseni. Palibe chinabwerera.

Munthuyo anatsegula maso kwambiri, nagwira pamimba.

"Afika," anatero. "Ndawamva kuzizira. Afika pansi."

Anayamba kulira, akumwanso, madzi ena akutsikira pachibwano.

Bambo anamuyang'anitsitsa pakhosi monga ankayang'anira polumikizira mapaipi akamaliza kumanga, mutu atapendeketsa. Milomo yawo yosweka inkayenda yokha, kutsatira kumezako.

"Ntchito yabwino," anatero. "Sikudontha." Kenako anagwira bondo la munthuyo. "Mayi, adzazireni ina. Iyi amwa yawo. Yachiwiriyo andimwereko ine."

Injiniya anadzuka, napita kukaima pawindo, atawafulatira.

Timapaipi tina tisanabwere, bambo anapita. Jekete ija inagwira ntchito yake, yosita kale. Azakhali ndi amene anaitulutsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso za koleji. Mayi wa kafukufuku atamva, anaimba foni kupepesa. Anati kanyama kaja kakadali bwinobwino, ndipo kadzasungidwa zaka zambiri. Injiniya anathokoza mwaulemu monga bambo ake akanafunira. Atadula foni anapita kuseri, nakhala pafupi ndi mpope wodontha uja mpaka chidebe chinasefukira.

Tsiku lotsatira anatsitsa chikwama cha zida pamsomali. Anayamba ndi mpope wa pakhomo. Kenako anthu a mumsewu anayamba kumuitana, poyamba chifukwa cha chisoni, pambuyo pake chifukwa madzi sadziwa maliro.

Ntchito yake yoyamba kutali ndi kwawo inali kwa mayi wina wa ana ambiri, amene paipi inamuphulikira kuseri kwa bafa. Injiniya anatseka madzi, nadula kachidutswa ndi sowo ya bambo ake.

"Ndikupita kusitolo, ndikayerekeze."

Mayiyo anamuyang'ana mokayika, mwana ali kumsana, wina akumukoka chovala kupempha madzi akumwa.

"Mubweranso koma? Ena amatenga kachidutswa n'kupita nako mpaka kalekale."

Injiniya anayang'ana kachidutswa kadzimbiri kali m'dzanja lake. Kanali kopepuka zedi.

"Ndibwera, mayi."

Anafika pageti, naima. Anabwerera, natsegula chikwama, natulutsa mphira wautali wakuda, naupereka m'manja mwa mayiyo.

"Koma mukaona kuti ndachedwa, mangani uyu, mutsegule madzi. Ana asandidikire ndi ludzu."